Mlandu Suola pa Bwalo la Zingwe

Owerenga athu a ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi adziwa kuti pa Mponela, pa Madisi, pa Malomo ndi pa misika yina pali tinyumba ta kanema, m'mene anyamata amalipira ndalama pang'ono kuti aonere amuna amphamvu alikugwetsana pa bwalo lozingidwa ndi zingwe. Masewera amenewa acokera ku America, ndipo kampani yaikuru imene imawacititsa ichedwa WWE. M'caka ca 2017 anayamba kuoneka pa SuperSport, ndipo tsopano amayendanso m'mafoni. Akuru a mpingo amatifunsa kawiri kawiri kuti, Kodi anthuwa amamenyana zoona? Funsoli nlapafupi. M'caka ca 1989 eni ace a kampaniyo anabvomera okha pamaso pa aphungu a boma la New Jersey kuti nchito yao ndi yosangalatsa anthu, si mpikisano weni weni ai. Wopambana amasankhidwiratu. Thupi limagwa zoona, mafupa nthawi zina amatyoka zoona, koma udani wonse umene muuona pabwalopo unayamba walembedwa pa pepala.

Tsono popeza ndi sewero, tiyenera kuliweruza monga timaweruzira nthano kapena buku. Koma nthano ya agogo imatha usiku womwewo. Moto usanazime, Kalulu walandira kale mphotho yace kapena cilango cace. Sewero ili silitero. Limaoneka mlungu ndi mlungu, dzinja ndi malimwe. Gawo lace lochedwa Raw linayamba m'Januwale 1993, ndipo silinaleke kufikira lero. Wolemba nkhani yotalika cotere asenza katundu wolemera, ndiye kukumbukira. Akuru anati mlandu suola. Pa bwalo la mfumu, mbuzi imene munthu anabwereka imafunsidwa kwa mwana wa mlongo wace zaka makumi awiri zitapita, ndipo nkhalamba zimachula ndi maanga a mbuziyo. Samuel Ntara, polemba buku la Nthondo limene linaturuka m'caka ca 1933, anamtsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa kufikira kumanda, ndipo zimene Nthondo anacita ali mnyamata sizinatayike m'njira. M'buku la Genesis, maloto a Yosefe tiwawerenga pa mutu 37, ndipo abale ace afika kudzamgwadira pa mutu 42, zitapita zaka zoposa 20. Muyeso wathu ndi womwewo: kodi olemba masewerawa amakumbukira zimene anatiuza dzana?

Tiyambe ndi nkhani imene anyamata a kale aidziwa onse. M'caka ca 1990 kunaoneka munthu wamtali wobvala zakuda, dzina lace Undertaker, ndiko kunena wosamala maliro, monga adzukulu kwathu kuno. Caka cotsatira anampatsa mtsogoleri, Paul Bearer, wonyamula kamtsuko ka phulusa la akufa m'mene anati muli mphamvu ya mbuye wace. Ife tikadati nsupa. M'caka ca 1996 Bearer anampandukira, ndipo m'caka ca 1997 anaulula cinsinsi cakuti Undertaker ali mwana anatentha nyumba ya makolo ace, atate ndi amai napsya momwemo, koma mng'ono wace Kane, amene onse anayesa kuti anafa, ali moyo. Miyezi ingapo dzinalo linamveka, mwini wace osaoneka. Pa 5 Okotobala 1997, mu mzinda wa St. Louis, nyali zinazima, ndipo cinaturuka cimphona cobvala zofiira ndi cigoba kumaso, cinazula citseko ca khola lacitsulo m'mene Undertaker analikulimbana ndi Shawn Michaels, nicimgwetsa mkuru waceyo.

Apa olemba anacita mwanzeru, ndipo tiwayamika. Sanafulumire kuwamenyanitsa. Undertaker anakana kukweza dzanja pa mwana wa amace, ngakhale anamputa mlungu ndi mlungu. Anabvomera pokha pokha Kane atamtsekera m'bokosi la maliro ndi kulitentha m'Januwale 1998, ndipo abalewo anakomana m'Malichi pa msonkhano waukuru wa caka ndi caka wochedwa WrestleMania. Anthu anadikira miyezi isanu, ndipo kudikirako ndiko kunakometsa ndeuyo.

Pambuyo pace zinthu zinayamba kuphwasuka. Anatiuza kuti moto unamuononga Kane pakhosi kotero kuti sakhoza kulankhula; patapita nthawi analankhula bwino lomwe. Abale awiriwo anakhala abwenzi, nakhalanso adani, nayanjananso, ndipo nthawi zambiri cifukwa cace cinali cocepa koposa mlandu wa nyumba yopsya umene anayamba nao. Coipa koposa cinacitika m'Juni 2003, pamene Kane anagonja kwa Triple H nakakamizidwa kubvula cigoba. Zaka zisanu ndi theka anthu anauzidwa kuti pansi pa cigobaco pali nkhope yoopsya ya zipsyera za moto. Ndipo taonani, nkhope inali yosalala. Olemba anadzapeka mau akuti zipsyerazo zinali za mumtima mwace. Ameneyo ndi munthu wogwidwa ndi nkhuku m'thumba, amene anena kuti inalowamo yokha. Sitiri kuyamikira za ku dambwe m'tsamba la mpingo. Tingonena kuti eni gule wamkuru adziwa cinthu cimene olemba awa anaiwala, cakuti cigoba cikabvulidwa pabwalo, mantha onse atha tsiku lomwelo, ndipo sabweranso. Paul Bearer naye anamkwirira m'simenti anthu akuona m'caka ca 2004, ndipo m'caka ca 2010 anabwera ali wonenepa bwino. Kumeneko ndiko kuyesa oonera ngati ana a kalasi loyamba, amene poti agona tulo aiwala za dzulo. (Wobvala cigobayo dzina lace leni leni ndi Glenn Jacobs, m'caka ca 1995 anasewera ngati dotolo wozula mano, ndipo m'caka ca 2018 anthu a ku Knox County, m'boma la Tennessee, anamsankha kukhala meya wao.)

Nkhani ya Roman Reigns ndi abale ace inasungidwa bwino koposa iyi, ndipo kwa ife Acewa ndi Angoni imveka msanga, pakuti ndi nkhani ya ufumu ndi mbumba. Reigns ndi wa banja la Anoa'i, la anthu ocokera ku zisumbu za Samoa, limene lakhala m'masewerawa mibadwo ingapo. Ubale umenewu ndi woona. Olemba anangoumangira nkhani pamwamba. Atatenga lamba wa ukatswiri pa 30 Ogasiti 2020, anadzicha mfumu ya pfuko, nafuna kuti abale onse amgwadire. Woyamba kukana anali Jey Uso. M'Okotobala 2020 anamenyana pa pangano lakuti wogonja anene ndi pakamwa pace kuti walephera. Jey anapirira zowawa zonse osanena. Koma pamene Reigns anagwira pakhosi Jimmy, mbale wace wa Jey wobadwa naye tsiku limodzi, Jey anagonja kuti ampulumutse. Pomwepo akuru awiri a banjalo, Afa ndi Sika, anambveka Reigns mkanda wa ufumu. Kuyambira tsiku limenelo Jey anatumikira, koma wakuyang'ana nkhope yace anaona kuti mtima sunagwade. M'caka ca 2022 mlendo, Sami Zayn, anadziphatika ku banjalo, nalandira cipongwe ca mtundu uli wonse kuti amuwerengere monga mbale. Ndipo m'Januwale 2023, atauzidwa kuti amenye bwenzi lace lakale Kevin Owens ali womangidwa, anatembenuka nakantha mfumu ndi mpando wacitsulo pamsana. Jey anagwetsa Reigns ku London pa 1 Julayi 2023. Zonsezi zinakula kucokera pa bala limodzi la caka ca 2020, monga dzungu litambalala kucokera pa phando limodzi.

Wolanda ufumuwo anabwera ndi mlandu wakale koposa. Pa 26 Seputembala 1977, m'nyumba ya Madison Square Garden ku New York, Dusty Rhodes anapambana Billy Graham amene anali ndi lamba, nanyamula lambayo m'manja. Koma popeza Graham anagonja cifukwa ca kukhalitsa kunja kwa zingwe, lamulo linati lamba sasintha mwini, ndipo anamlanda. Dusty anamwalira m'caka ca 2015 asanabvale lamba ameneyo. Mwana wace Cody anacoka m'kampaniyo m'caka ca 2016 ali wonyozeka, nabwera m'caka ca 2022 kunena kuti adzatsiriza cimene atate ace anacisiya. Pa WrestleMania wa 2023 anthu onse anayesa kuti tsiku lafika, koma Cody anagonja, cifukwa Solo Sikoa, mng'ono wao wa Jimmy ndi Jey, anamkantha woweruza asakuona. Ambiri anakwiya. Ife tiyesa kuti kumcedwetsa caka cina kunali koyenera, pakuti m'banja la Reigns munali milandu imene inali isanapsye.

Pa 7 Epulo 2024, ku Philadelphia, anakomananso. Ndeuyo inali ya cipwirikiti, anthu ambiri analowerera, ena kuthandiza uyu, ena kuthandiza uyo. Koma cimene tifuna kuti owerenga acisunge ndi kanthu kamodzi ka pa mapeto. Zaka khumi m'mbuyomo, pa 2 Juni 2014, Reigns anali m'gulu la anyamata atatu okondana ngati abale, lochedwa The Shield, ndipo mmodzi wa iwo, Seth Rollins, anampereka pomkantha ndi mpando pamsana. Tsono usiku wa ku Philadelphia Rollins anabwera kudzathandiza Cody atabvala zobvala zomwe zija za gulu lakalelo. Reigns anatola mpando. Mbali iyi kunali Cody, wofuna kumlanda ufumu, ali lefu. Mbali iyo kunali Rollins, atampatsa msana. Akadakantha Cody, lamba akadakhala wace. Anakantha Rollins. Cody anapeza mpata wakupuma, namgwetsa, ndipo ufumu wa masiku 1,316 unatha pomwepo. Lambayo Cody anampereka m'manja mwa amace, zitapita zaka pafupi fupi 47 cimlandireni atate ace.

Palibe munthu anaima pabwalo kumasulira za mpandowo. Olemba anakhulupirira kuti oonera akumbukira, ndipo anakumbukiradi. Ndiponso anationetsa kuti nkhanza zonse zimene mfumu ija inacitira abale ace zinacokera ku mantha a kuperekedwanso, ndi kuti inataya ufumu cifukwa inakonda kubwezera koposa kuusunga. Wakuwerenga za Sauli, m'mene anasiyira Afilisti ndi kumatsata Davide m'mapanga, sadzazizwa nazo.

Pano ndipo pali cotidetsa nkhawa cifukwa ca ana athu. Ambiri a iwo saona nkhaniyi mwa dongosolo lace. Amalandira tizidutswa ta mphindi imodzi m'foni, kapena amalowa m'kanyumba ka kanema m'mene lero aonetsa za 2024, mawa za 1998, mkuja za 2010. Mwana wotere aona munthu wamkuru akukantha mnzace ndi mpando, anthu zikwi zikwi akupfuula ndi cimwemwe, ndipo za caka ca 2014 sazidziwa konse. Cimene cimtsalira ndi mpando wokha. Aphunzitsi a m'masukulu a m'midzi adziwa m'mene ana amayesera kugwetsana kotere pa nthaka youma ya pabwalo la sukulu, osadziwa kuti eni ace anaphunzira zaka zambiri kagwedwe kosapweteka, ndi kuti pansi pa nsaru ya bwalo lao pali zofewa. Makolo oletsa ana kutsanzira acita bwino. Koma kuletsa kuonera konse sikunatheke ndi pa mudzi umodzi womwe umene tiudziwa, ndipo kholo limene lifunsa mwana kuti, Awiriwa anayambana ciani? lidzazindikira msanga ngati mwanayo alikutsata nkhani kapena nkhonya zokha.

Ngakhale nkhani yabwinoyi ili nazo zirema zace. Kwa zaka zitatu ndeu za Reigns zinatha m'njira imodzi imodzi: woweruza agwa, mbale alowa mozemba, mfumu ipulumuka. Ndiwo imodzi tsiku ndi tsiku imakola, ngakhale ikhale nyama. Ndipo m'Febuluwale 2024, The Rock atabwera ndi mbiri yace ya ku mafilimu, olemba anaoneka ngati afuna kumkankhira Cody pambali, ngakhale anali atapambana kale mpikisano wompatsa ufulu wa kukomana ndi Reigns. Oonera ndiwo anakana, napfuula dzina la Cody m'nyumba zonse za masewera, ndipo masiku owerengeka nkhani inabwezedwa m'njira yace. Pamenepo osunga mlandu anali anthu wamba, eni bwalo atafuna kuugulitsa.

Cotsiriza ndi ca Jey. Reigns atagwa, Solo Sikoa anatenga mkanda wa ufumu nadziika yekha pampando, ndipo m'Novembala 2024 Jey ndi Sami Zayn anaimanso ku mbali ya Reigns kukamenyana naye Solo. Jey ananena ndithu kuti sanaiwale zakale, ndi kuti sadzakhalanso kapolo. Koma munthu amene anagwira Jimmy pakhosi m'caka ca 2020 analandiridwa ndi nthungululu asanakhale pansi kubvomera kulakwa kwace. Kwa Msakambewa kapena kwa Kalumo nkhalamba zikadayamba zafunsa za mbuzi ya cipepeso, ndipo m'caka cimeneco ife mbuziyo sitinaione.