Timilu ta ku Chintheche ndi Olemba Athu

Ndikugwira ntchito ya boma ku Chintheche, ndinkakonda kudutsa m'tchire lina kumtunda kwa msewu wa M5. M'menemo muli timilu ta dothi tambirimbiri, tolekeza m'mawondo. Mnzanga wina wolemba nkhani anatitcha manda a Angoni amene anagonjetsedwa ndi Atonga a Mankhambira pa mtsinje wa Chintheche m'zaka za m'ma 1870. Nkhani yake ndi yokoma kuwerenga, koma ine sindiivomereza.

Nkhondoyo inachitikadi, malinga analiponso. Koma ndani anaika adani ake m'manda obulungira, otalikirana mofanana chonchi? Chulu nacho chimalimba ndipo chimakhala ndi mauna a chiswe. Kamulu kamene anyakwawa anandilola kufukula kanali kofewa, kopanda phale, phulusa kapena fupa. Agogo ena odutsa ndi mtolo wa nkhuni anangondiseka: "Mwana wanga, imeneyo ndi mitumbira ya chinangwa. Munda unagonera kalekale."

Kamulu kamodzi sikangayankhire tchire lonse. Akatswiri ofukula zakale ndiwo angagamule. Chondidandaulitsa n'chakuti olembafe tikaona mulu timafunamo mkondo, apo ayi mmishonale wa ku Bandawe wa 1881. Khasu la mayi amene kondowole wake ankadyetsa anthu odzazana m'malingamo sitiliyesa mbiri.

Mnzanga uja ndinamufotokozera zonsezi. Anandiyankha kuti chinangwa sichingakope owerenga, ndipo manda ake sanawachotse m'nkhanimo.