Mizere Yakuda ndi Chitseko cha ku Oz

Munthu akatulutsa ndalama m'thumba mwake nagula katundu, ali ndi ufulu wonena ngati katunduyo wamkomera kapena ayi. Palibe angamtseke pakamwa, pakuti thukuta lidali lake. Komabe ufulu wolankhula sutanthauza kuti zonse zimene wogula anena nzoona. Mwezi uno tifuna kuika pa sikelo maganizo amene amamveka kawirikawiri pakati pa ogula chimbale cha filimu yakalekale ya ku America yotchedwa The Wizard of Oz, imene kampani ya MGM idatulutsa mu Ogasiti 1939. Dandaulo la wogula wotere lili patatu. Poyamba, ati chithunzi sichidzaza galasi la wailesi ya kanema, chisiya mizere iwiri yakuda, wina kumanzere wina kumanja. Kachiwiri, ati filimuyi iyamba yopanda mitundu, yotuwa ngati chithunzi cha ukwati wa agogo, pamene pachikuto adajambulapo zowala. Kachitatu, ati chithunzicho chili ndi timadontho tonga mchenga, ndiponso chionetsa poyera kuti nkhalango ndi mapiri nzopenta chabe. Tsono iye agamula kuti adamgulitsa ntchito yosatha, ndipo afuna ndalama yake ibwezedwe.

Tisanayankhe, tikumbutse nkhaniyo mwachidule. Idachokera m'buku limene L. Frank Baum adatulutsa mu 1900. Dorothy ndi kamtsikana koleredwa ndi achibale pa famu ya ku Kansas. Tsiku lina kamvulumvulu woopsa anyamula nyumba, iye ali momwemo pamodzi ndi kagalu kake Toto, nakaigwetsa m'dziko lachilendo la Oz. Pofuna njira yobwerera kwao, atsata msewu wa njerwa zachikasu kunka kwa Wamatsenga wamkulu wa dzikolo. Panjira apeza anzake atatu: chidole choopsezera mbalame m'munda chimene chifuna nzeru, munthu wa malata amene afuna mtima, ndi mkango wamantha umene ufuna kulimba. Pamapeto pake Toto akoka nsalu yotchinga, ndipo zidziwika kuti Wamatsenga uja ndi nkhalamba wamba yopukusa makina, ndi kuti zimene anayiwo ankapempha adali nazo kale.

Tiyambe ndi mizere yakuda ija. Mu 1939 chithunzi cha kanema chinkajambulidwa pa muyeso woti chikakhala mikono 4 m'mbali, kukwera chikhale pafupifupi mikono 3. Mawailesi a kanema a masiku ano ngotambalala: 16 m'mbali, 9 kukwera. Kuika chithunzi chakalecho pa galasi latsopanoli kuli ngati kuyala mkeka waufupi m'chipinda chachitali. Mpata utsala ndithu. Wosafuna mpatawo ayenera kuchita chimodzi mwa ziwiri. Angathe kukoka chithunzi m'mbali, Dorothy afupike ndi kufufuma ngati mtsuko. Kapena angathe kudula pamwamba ndi pansi, ndipo potero ataye pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a chithunzicho. Nanga pansi pa chithunzi pamakhala chiyani? Pamakhala mapazi. Ndipo filimu iyi nja mapazi: nsapato zofiira zimene mfiti ikuzilondalonda, njerwa za msewu uja, miyendo yolobodoka ya Ray Bolger pamene chidole chiphunzira kuyenda. MGM yomweyo idayesa kudula kotere poonetsanso filimuyi mu 1955, pofuna kutsata zithunzi zotambalala zimene zidatchuka nthawi imeneyo, ndipo oonera adalandira zochepa pa mtengo wa zonse. Motero mizere yakuda imene wogula aiyesa kuba, ndiyo umboni wakuti sadamubere kanthu.

Dandaulo lachiwiri ndilo lotikhudza koposa, chifukwa lifika pa mtima wa filimuyi. Kutuwa kwa chiyambi sikudachokere ku umphawi wa ojambula kapena ku ukalamba wa filimu. Adakufuna dala. Zigawo za ku Kansas, zimene zambiri adatsogolera ndi King Vidor ngakhale dzina lolembedwa ndi la Victor Fleming, adaziviika mu mtundu wofiirira wonga fodya wouma, mtundu wa dothi ndi fumbi. Woonera akhala m'fumbi limenelo pafupifupi mphindi 20. Momwemo ndimo Judy Garland, ali ndi zaka 16, aimba nyimbo yotchuka ija ya utawaleza, "Over the Rainbow", kulakalaka dziko la mitundu pamene iye ali m'dziko lopanda mitundu. Tsono nyumba itagwa, Dorothy atsekula chitseko, ndipo kunja kuoneka maluwa, madzi ndi thambo, zonse zowala. Kuti zimenezi zitheke popanda kudula chithunzi, adapenta mkati mwa nyumbamo ndi utoto wofiirira, naveka mtsikana wina chovala chofiirira kuti atsekule chitseko atafulatira. Kamera italowera pakhomo, Garland mwini adatulukira atavala diresi lake la buluu. Ngakhale nsapato zija, zimene m'buku zidali zasiliva, adazisandutsa zofiira kuti ziwale m'dziko latsopanolo.

Chitseko chimenechi chili ndi mphamvu chifukwa cha kudikira kuja. Madzi akoma kwa amene wayenda padzuwa. Mukapaka mitundu pa Kansas, chitsekocho chisanduka chitseko wamba, ndipo nyimbo ya utawaleza isanduka pempho la munthu wofuna chimene ali nacho kale pakhomo. Tiyeneranso kudziwa kuti mtundu wofiirirawo udatayikapo zaka 40. Kuyambira 1949 zigawo za ku Kansas zinkaonetsedwa zakuda ndi zoyera chabe, ndipo udabwezedwa pa kaseti ya vidiyo ya 1989, pokumbukira zaka 50 za filimuyi. Mabanja ambiri a ku America amene adaionera pa wailesi ya kanema kuyambira 1956 adali ndi mawailesi osaonetsa mitundu, kotero kuti chitseko chija chitatsekuka sadaone kusintha kulikonse. Wogula wa lero ali ndi mwai umene iwo adalibe, ndipo mwai womwewo ndi umene akuudandaula.

Sitikunena kuti filimuyi ilibe pofooka. Pamapeto Dorothy abwerera ku Kansas wotuwa uja, nakondwa, chifukwa kumeneko ndiko kuli anthu omukonda. Ojambula adachita bwino posakongoletsa mudzi pobwerera. Kwanu nkwanu, ngakhale kuli fumbi. Koma adasandutsa ulendo wonse kukhala loto, pamene m'buku udali ulendo weniweni, ndipo mlandu wa mai wankhanza uja amene adafuna kuti Toto aphedwe adausiya osautha. Ndiponso phunziro lakuti chimwemwe chonse chili pabwalo la kwanu lidali lotsekemera mopitirira kwa anthu a m'zigwa zimenezo, pakuti m'zaka za m'ma 1930 chilala ndi mphepo za fumbi zidathamangitsa mabanja ambiri m'minda yao. Wogula akadadandaula zimenezi, tikadakhala naye pansi nthawi yaitali. Koma izi ndi zofooka za nkhani. Si zolakwa za chimbale.

Tifike pa mchenga ndi utoto. Filimu yakale si galasi loyera. Chithunzi chake chidapangidwa ndi timchenga ta siliva tosawerengeka, ndipo timadontho tija ndito thupi lenileni la chithunzicho. Makina angathe kutichotsa, koma pamodzi nato amachotsanso tsitsi, ulusi wa nsalu ndi makwinya, nkhope za anthu nkukhala ngati za phula. Kamera ya Technicolor inkagawa kuwala patatu, nkujambula pa mipukutu itatu ya filimu nthawi imodzi: wa kufiira, wa kubiriwira ndi wa buluu. Popita zaka mipukutuyo idakwinyika mosiyana, kotero kuti poiphatikiza mitundu inkasefukira m'mphepete. Pa chimbale cha DVD cha 2005 a Warner, amene tsopano ndiwo eni filimuyi, adailunzanitsa ndi kompyuta, ndipo pa Blu-ray ya 2009 adaiwerenganso mwatsatanetsatane koposa. Zotsatira zake nzakuti lero tiona timadontho ta pa nkhope ya Garland ndi ulusi wa chiguduli pa tsaya la chidole, komanso tiona kuti mapiri akutali adapentedwa pa nsalu.

Kodi zimenezi ziononga filimu? Ife tikuti ai. Filimu yonse idajambulidwa m'nyumba za MGM ku Culver City, pansi pa nyali zotentha kwambiri, ndipo sidabise kuti ndi nthano. Mwana womvera nthano ya kalulu adziwa bwino kuti kalulu salankhula, komabe asuntha kufupi kuti amve. Kuona utoto ndi msoko nkuona manja a anthu, ndipo manja amenewo adalipira. Margaret Hamilton, amene adasewera mfiti, adapsa kumaso ndi padzanja pamene moto wa m'sewero udayaka msanga. Buddy Ebsen, amene adayamba kusewera munthu wa malata, adagonekedwa m'chipatala chifukwa cha fumbi la aluminiyamu limene ankamupaka kumaso, ndipo malo ake adatenga Jack Haley. Chithunzi chosalala kotheratu chikadatiiwalitsa kuti padali anthu a thupi ndi magazi.

Pali chinthu chimodzi pano chimene okonzawo adachita chotipatsa maganizo. Chithunzi chitayera chotero, mawaya ena oonda, monga wogwedeza mchira wa mkango, adayamba kuoneka, ndipo pa chimbale cha 2009 adawafufuta ndi kompyuta. Chifukwa chao nchomveka: oonera a mu 1939 sadawaone bwino mawayawo, ndipo ojambula sadafune kuti aoneke. Tivomereza. Koma tichenjere, pakuti malire a kuchapa ndi kusintha ngopyapyala. Filimu imene phunziro lake lalikulu ndi kagalu kokoka nsalu kuti tione munthu wopukusa makina, siyenera kukhala ndi okonza otanganidwa ndi kupachika nsalu zatsopano.

Ndipo tidziwa kumene njira imeneyo ithera, chifukwa zofuna za wogula uja zidachitidwa kale. Mu 2013 filimuyi adaisandutsa ya 3D, yoonera ndi magalasi apadera. Mu Ogasiti 2025 idayamba kuonetsedwa m'nyumba yaikulu yozungulira yotchedwa Sphere ku Las Vegas. Kumeneko kulibe mizere yakuda: makompyuta a luntha lochita kupanga adaonjezera m'mbali zinthu zimene kamera ya 1939 sidajambule, mchenga uja adausesa, ndipo kuti nthawi ikwane adadula mphindi zoposa 20 pa mphindi pafupifupi 100 za filimuyi. Anthu ambiri adakondwa nazo, ndipo sitiwaletsa. Koma tiitchule ndi dzina lake: ndi chionetsero china chomangidwa pamwamba pa filimuyo. Galasi ladzaza, nkhani yachepa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga wogula alibe mfundo konse? Ali nayo, ndipo njolemera. Filimuyi idatuluka pa kaseti mu 1980, kenaka 1989. Pa DVD mu 1997, 1999 ndi 2005. Pa Blu-ray mu 2009 ndi 2013. Pa chimbale cha 4K mu 2019. Nthawi iliyonse chikuto chimalonjeza kuti tsopano ndiye mwaiona bwino, ndipo pambali pake amaikapo bokosi la mtengo wapatali lodzaza ndi timabuku ndi tizikumbutso. Munthu amene wamva lonjezo lotere kangapo salakwa akayamba kukayika. Ogulitsa amalemba zazikulu za kuwala, koma safotokoza m'mau osavuta kuti wogula ayembekeze mizere yakuda, chiyambi chofiirira ndi mchenga, ndi kuti zimenezi ndizo chizindikiro cha ntchito yokhulupirika. Apa mau ndi utsi wa amalonda zifanana ndi za Wamatsenga wa ku Oz. Banja limene lili ndi chimbale chabwino cha 2005 kapena 2009 lili nayo filimu yonse, ndipo lisadzivute kugula china pokhapokha wailesi yao ingathedi kuonetsa kusiyanako.

Kwa inu makolo, mau athu ndi awa. Filimuyi njoyenera kukhala m'nyumba. Mu 1995 ofesi ya Vatican yoona za kufalitsa nkhani idaiika pa mndandanda wa mafilimu 45 ofunika, m'gawo la luso. Koma musaisiyire ana okha. Mfiti ya nkhope yobiriwira ndi anyani a mapiko zimaopsa ana aang'ono, ndipo mwana wamantha afuna dzanja la mkulu pafupi. Akafunsa chifukwa chake chithunzi nchotuwa, musathamangitse chimbale, muuzeni adikire. Akafunsa za mizere yakuda, musakanikize batani lodzazitsa galasi. Muuzeni kuti anthu akale adajambula chotero, ndipo ife tikuona monga iwo adafunira.

Chimene chili pa sikelo pano nchachikulu kuposa mtengo wa chimbale. Ndi funso lakuti tilandira bwanji zimene akale adatisiyira: kodi tizidula kuti zikwane pa muyeso wathu, kapena tidziphunzitsa kuona pa muyeso wao? Wogula ali ndi ufulu wobweza katundu woonongeka. Koma chimbale ichi sichidaonongeke. Chingopempha mphindi 20 za kuleza mtima, ndipo amene azipereka adzaona chitseko chikutsekuka monga chidatsekukira mu 1939.