Mwini Nyimbo Ndani? Phunziro la "Mbube"

M'chaka cha 1939, Solomon Linda ndi gulu lake la Evening Birds anajambula nyimbo ya "Mbube" ku kampani ya Gallo mumzinda wa Johannesburg. Ukoma wa nyimboyi uli m'kalukidwe kake: mawu a besi amabwereza kachigawo kamodzi mosalekeza, pamene mawu opyapyala a Linda amayendayenda pamwamba. Kalukidwe kotere kamaitana ena kuti alowemo, ndipo analowadi. Pete Seeger ndi gulu la The Weavers anaisandutsa "Wimoweh" kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Mu 1961 The Tokens anaitulutsa ngati "The Lion Sleeps Tonight". Mu 1994 inamveka mufilimu ya Disney, The Lion King. Linda anamwalira ali mmphawi mu 1962.

Ambiri amaitenga nkhaniyi ngati umboni woti malamulo oteteza umwini wa ntchito zaluso akhwimitsidwe. Mbali ina n'zoona. Mlandu umene unatsegulidwa mu 2004 m'malo mwa banja la Linda unatha ndi mgwirizano wa malipiro mu 2006, ndipo unatsamira pa lamulo la Britain la 1911, lobwezera umwini kwa olowa chuma pakapita zaka 25 mlengi wa ntchitoyo atamwalira.

Komabe cholakwa sichinali kubwereka. Linda mwiniyo anatunga m'chitsime cha maimbidwe a Chizulu ndi a makwaya a kutchalitchi. Cholakwa chinali chakuti obwerekawo anatchinga mpanda pa chimene anabwereka: "Wimoweh" inalembedwa m'dzina la Paul Campbell, munthu amene kunalibe. Lamulo limamva msanga mawu a pepala ndi siginecha, koma limagontha khutu pa mawu a m'kamwa.

Funso lomweli lilipo ku Malawi. Lamulo la 1989, lomwe linabala bungwe la COSOMA mu 1992 ndipo linalowedwa m'malo ndi la 2016, linaika umwini wa luso la makolo m'manja mwa boma poimira anthu onse. Cholinga n'chabwino, koma nyimbo ya pamtondo imakhala ndi moyo chifukwa mayi aliyense wosinja amaisintha mawu kuti adzudzule apongozi kapena mwamuna. Kwaya imatenga chuni cha gule n'kuchiveka mawu a m'Baibulo. Mnyamata wa pakompyuta amadula kaimbidwe ka banjo ya Allan Namoko n'kukalumikiza ndi ng'oma zatsopano. Lamulo likawaona onsewa ngati akuba, liumitsa chitsime chomwe likuti likuteteza.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika: wopatsa amayembekezera kuti chinthu chidzabwerera. Muyeso woyenera, tsono, si wakuti munthu wabwereka kapena ayi. Ndi wakuti kodi watchula kumene watunga, kodi wagawana phindu ngati lilipo, ndipo kodi wasiya khomo lotsekula kuti wina adzabwereke kwa iye. Ofalitsa "Mbube" kutsidya kwa nyanja analephera pa zitatu zonsezi.