Kodi Mpira Wathu Umapindulanji ndi Maulendo a Kunja?

Anthu ambiri amayamikira kuchezerana kwa matimu a mpira a m'maiko osiyanasiyana. Iwo amati alendo amasiya ndalama m'mahotela ndi kunyanja, ndiponso osewera athu amapeza mwayi wokayesedwa kunja. Izi n'zoona ndithu. Ernest Mtawali anatchuka ku South Africa nakafika mpaka ku Toulouse, m'dziko la France. Tabitha Chawinga anapita ku Sweden m'chaka cha 2014, ndipo mbiri yake inawanda ponseponse.

Komabe chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Timaombera m'manja mmodzi amene zamuyendera, osafunsa za anzake amene anabwerako chimanjamanja atasiyira sukulu panjira, makolo awo atagulitsa ng'ombe kuti alipire mkhalapakati wachinyengo. Tisaiwalenso kuti timu imene inatenga chikho cha kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979 inakulira m'mabwalo a konkuno. Kodi mabwalo a m'sukulu zathu tikuwasamala?

Tsono maulendowa apitirire, koma wachinyamata aliyense azinyamuka atalemba mayeso a MSCE, pangano lake litaunikidwa ndi bungwe la FAM. Pakuti mwendo ukakathyokera ku Johannesburg, chimene chidzamudyetse ndi satifiketi yake.