Chala cha mlonda pa nkhama za galu

Ku Area 10 kuli mlonda wina wachikulire amene sanapondeko m'kalasi ya zaziweto ku Bunda, koma galu akadwala usiku, abwana ake salizira galimoto asanamufunse. Amadziwa matenda oti angadikire kuche ndi oti anthu anyamuke pompo.

Amayambira m'kamwa. Amanjuta, tochi ili kudzanja lamanzere, n'kukweza mlomo wa galuyo ndi chala chachikulu. Nkhama za galu wathanzi zimakhala zofiirira ndi zonyowa. Amadina pang'ono mpaka payere, kenako n'kuchotsa chala. Magazi ayenera kubwerera masekondi 2 asanathe. Akapeza zili mbuu kapena zachikasu, galuyo n'kukhalanso kuti wakana nsima chidzulo, sazengereza: "Bwana, magazi atha apa, tiyeni kwa a vetenale." Kawirikawiri amakhala matenda a nkhupakupa, omwe tizilombo take timaononga magazi mwakachetechete.

Zina sizimugunditsa mtima. Mphutsi za pakhungu amangozipaka Vaseline n'kuzifinya. Galu amene wasanza kamodzi n'kupitiriza kuthamangitsa abuluzi, amuonanso m'mawa. Koma kagalu kotsekula magazi onunkha, kakusanzanso, amati ndi parvo, ndipo kafunika diripi lero lomwe madzi asanathe m'thupi.

Pa tameki m'pamene ndimamugomera. Akuba akaponya nyama yothira poizoniyu kudzera pampanda, galu amachucha dovu, thupi lonse likunjenjemera, kamwana ka diso katachepa ngati njere ya mpiru. Ambirife timathamangira mkaka ndi mafuta ophikira. Iye amakaniza, poti galu wonjenjemera amatsamwa, zamadzizo n'kulowa m'mapapo. Chofunika ndi jekeseni wa atropine, ndipo ameneyo ali ndi madotolo a ziweto, monga a LSPCA, bungwe losamalira nyama lomwe lidayamba mu Lilongwe mu 2008. Nyama yotsalayo amaitola ndi jumbo kuti dotolo akaione, komanso kuti galu wina asaidye.

Dovu lomwelo likaoneka pa galu wosabayitsa katemera, amene wasintha khalidwe, akuuwa mosasa mawu ndi kuluma chilichonse, mkuluyu salowetsanso chala m'kamwa. Amaopa chiwewe. Amamutsekera m'khola, kuuza ana alowe m'nyumba, n'kuitana a vetenale kuti abwere okha. Ngati wina walumidwa, amamutsukitsa bala ndi sopo pampopi kwa mphindi 15, kenako ulendo wakuchipatala.