Filimu Yoseketsa Koma Yowawa

Acinyamata anzanga a ku Nyimba, mumafunsa filimu ina yonga zija za milandu, zoseketsa mtembo uli pomwepo. Funani "I Am Not a Witch" ya Rungano Nyoni, ya 2017, yojambulidwa kuno ku Zambia. Kamtsikana Shula akanamizira ufiti, nakamangirira kansalu koyera katali, ati kakadula kasanduka mbuzi. A Banda, bwana wa boma, amakatenga kuti kaziloza mbala pa milandu, mpaka kukatsatsira mazira pa TV. Mudzaseka, koma kuseka kudzakutherani mukakumbuka agogo othamangitsidwa m'midzi yathu ndi cala cotere. Pena imacedwa, ndipo Shula salankhula kwenikweni, pirirani. Ana aang'ono asaonere nanu, mapeto ake ndi maliro.