Alfa Romeo yokonzedwa ku Kadoma ndi zimene penti wakwirira

Anthu amene amagula ndi kukonzanso magalimoto akale a ku Italy ali ndi liwu limodzi limene silichoka pakamwa pawo: "olijino". Galimoto ikakhala ndi injini imene inatuluka nayo m'fakitale, mipando yomweyo, ngakhale mabawuti omwewo, mtengo wake umakwera. Ikapezeka ndi chitsulo cha galimoto ina, amati yaonongedwa. Muyeso umenewu ndi wolamula pamsika wa dziko lonse, msika umene mu 2018 unagulitsa Ferrari 250 GTO ya 1962, imodzi mwa 36 zokha zimene zinapangidwa, pa madola 48.4 miliyoni ku Monterey. Ine sinditsutsana ndi anthu a ku Monterey pa za ndalama zawo. Chimene ndikufuna kuunika ndi zimene muyeso wawowo umachita ukafika kuno ku Eiffel Flats, nkugwera pa galimoto imene yatha zaka zoposa 50 ikupuma fumbi lathu.

Eiffel Flats ndi kamzinda ka pamgodi, makilomita ochepa kum'mawa kwa Kadoma, m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe. Kanakula chifukwa cha mgodi wa golide wa Cam and Motor, umene unatsekedwa mu 1968 nkudzatsegulidwanso patapita zaka zambiri ndi kampani ya RioZim. Makolo a ambiri a ife anachokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Chipata ndi ku Tete kudzalowa pansi pa nthaka imeneyi, ndipo ena anatchona osabwereranso. Nchifukwa chake mpaka lero m'komboni mumamveka Chichewa chosakanikirana ndi Chishona, ndipo gule amatulukabe. Kadoma kalelo ankati Gatooma, Chegutu ankati Hartley. Italy si mlendo kwenikweni kuno: pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ku Gatooma kunali kampu yosungirako Ataliyana, ndipo damu la Kariba linamangidwa ndi kampani ya Ataliyana ya Impresit chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950.

Ntchito imene ndikuiweruza pano ndi galimoto imodzi, Alfa Romeo Giulia Super, imene bambo wina wamalonda wa ku Kadoma anaigula kwa banja la m'komboni mwathu nkuikonzanso kwa zaka pafupifupi zitatu. Ndikuti ntchito mwadala, chifukwa kukonzanso galimoto yakale kuli ngati kusema kapena kuumba: wokonza amasankha chosunga ndi chotaya, ndipo chosankhacho chikhoza kuyamikiridwa kapena kudzudzulidwa.

Ndiyambe ndi zoyamikira, pakuti zilipo zambiri. Giulia inatuluka koyamba mu 1962, ndipo mtundu wa Super unabwera mu 1965. Pamaso imaoneka ngati bokosi la zitseko zinayi loyenera aphunzitsi aakulu, koma pansi pa boneti pali injini ya aluminiyamu ya 1570 cc yokhala ndi makamushafuti awiri pamwamba, makabuleta awiri, magiya asanu, ndi mabuleki a disiki pa matayala onse anayi. Pa nthawi imene magalimoto ambiri a mabanja anali ndi magiya anayi ndi mabuleki a dilamu kumbuyo, iyi inali galimoto ya mpikisano yovala jekete la ku ofesi. Wokonzayo anazimvetsa zimenezi. Matenda odziwika a mtundu umenewu anawatsata limodzi ndi limodzi. Giya yachiwiri, imene pa Alfa zakale imakukuta mano ukaisintha mofulumira, tsopano imalowa ngati mpeni m'papaya. Gasiketi ya mutu wa injini, imene imakonda kulola oyilo kulowa m'madzi, anaisintha pamodzi ndi timphira take. Makabuleta a Weber anawalinganiza moti injini ikamalira yokha simva kutsokomola. Dzimbiri la m'munsi mwa zitseko ndi m'dzenje la tayala la sipeya analidula nkuwotcherera chitsulo chatsopano, osati kumata phala pamwamba ngati mmene ochenjera ena amachitira. Ndinaikwera kuchokera ku Kadoma kukafika ku Chegutu pa msewu waukulu wa Harare ndi Bulawayo, ndipo sindinama, mtima unakoma.

Vuto langa lili pa katoni imene ili pakona ya galaja ya bamboyo. M'katonimo muli zonse zimene anazichotsa chifukwa si "olijino": olitaneta ya Datsun imene inalowa m'malo mwa dayinamo, pamodzi ndi kachitsulo kogwirira kamene munthu wina anakapala ndi fayilo mpaka lamba atayenda mowongoka, nyali ya Peugeot 404, chogwirira ekizozi chodulidwa ku lamba wa makina a pamgodi, ndi chigamba cha pansi pa mpando wa dalaivala chimene chinasulidwa kuchokera ku mgolo wa mafuta, chowotchereredwa mwaukhondo moti madzi sanalowepo kwa zaka makumi awiri. Pa dashibodi panali kambale kakang'ono kamkuwa kolembedwa dzina la mudzi wa ku Ntcheu kumene mwini wachitatu wa galimotoyi anabadwira. Nako kali m'katoni. Galimoto imene yatsala ndi yokongola, koma siinena chilichonse za kumene yakhala. Mutaiika pa msewu wa ku Milan, palibe angadziwe kuti inaonapo Eiffel Flats.

Wina anganene kuti cholinga chake chinali chomwecho, kuibwezera mmene inalili pochoka ku Italy. Apa mpamene mfundo ya "olijino" imapunthwa pa mbiri ya dziko lino. Boma la Ian Smith litalengeza ufulu wake wokakamiza pa 11 Novembala 1965, mayiko anaika Rhodesia pa chilango cha malonda. Kampani ya Ford inasiya fakitale yake ya ku Willowvale mumzinda wa Salisbury, umene lero ndi Harare, ndipo fakitaleyo inayamba kumanga magalimoto a makampani ena amene zipangizo zawo zinkatha kulowa mozembera. Giulia inali imodzi mwa magalimoto amenewo. Kum'mwera, Alfa Romeo inkamangidwanso ku South Africa, ndipo fakitale yake ya ku Brits inagwira ntchito mpaka 1985. Kumpoto, ku Livingstone m'dziko la Zambia, ankamanga Fiat kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Ndiye kuti magalimoto ambiri a Chitaliyana a m'chigawo chino sanachoke ku Italy ali galimoto. Anabwera m'mabokosi, nkulumikizidwa ndi manja a anthu akuda olandira malipiro ochepa. Galimoto ya bamboyu ndi ya ku Willowvale. Poitanitsa nsalu ya mipando ndi timapepala tomata ta mawu a Chitaliyana kuchokera ku Ulaya, iye sanaibwezere pa chiyambi chake. Waipatsa chiyambi chimene sinakhale nacho.

Tiyeneranso kufunsa kuti inakhala bwanji ndi moyo mpaka kudzapezeka ndi woikonda. Pa nthawi ya atsamunda, galimoto ngati iyi inali ya akuluakulu a pamgodi ndi eni mafamu, ndipo makolo athu ankaigwira ndi nsalu yopukutira basi. Dziko litalandira ufulu mu 1980, ambiri mwa eni akewo anachoka, magalimoto nkugwera m'manja mwa makalaliki, aphunzitsi ndi akapitawo. Masipeya a Alfa sankapezeka m'sitolo za ku Kadoma, ndipo ndalama zakunja zowaitanitsira zinali zosowa. Kenaka kunabwera zaka zowawa za 2007 ndi 2008, pamene ndalama inkasungunuka m'thumba munthu asanafike pa golosale. M'nyengo zonsezi amene anasunga injini zimenezi anali amakaniko a pansi pa mtengo, ambiri ophunzira ntchito m'mawekishopu a migodi ndi m'mafakitale a nsalu a David Whitehead ku Chegutu ndi Kadoma.

Mmodzi mwa iwo ndi amalume anga, amene anaika olitaneta ya Datsun ija. Nditawauza kuti yachotsedwa, anaseka pang'ono nkuti, "Mphwanga, dayinamo ija tinaichotsa chifukwa inkatisiya mumdima pa Martin Spur. Ngati abwanawo aibwezera, agule tochi." Sanakwiye. Koma nthabwala yawoyo ili ndi chiweruzo cha mmisiri: chimene chinachotsedwa chinali yankho la funso lenileni, ndipo chimene chabwezeredwa ndi funso lomwelo lopakidwa polishi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindikunena kuti chigamba chilichonse ndi chopatulika. Ndaonapo mapaipi a mabuleki omangidwa ndi waya, ndi mafyuzi olowetsedwa m'malo ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Zimenezo ndi zopha anthu, ndipo wokonza aliyense wanzeru azitaye osayang'ana m'mbuyo. Ntchito ya wokonzanso ndi kusiyanitsa chigamba cha ulesi ndi chigamba cha luso. Bambo wa ku Kadomayu sanasiyanitse. Anagwiritsa ntchito sefa imodzi yokha: kodi chitsulochi chili m'buku la masipeya la fakitale? Imeneyo ndi ntchito ya kalaliki wa sitolo, osati ya munthu amene akuti akusunga mbiri.

Chodabwitsa nchakuti ngakhale kwa eni ake a mwambowu maganizo asuntha. Bungwe la FIVA, limene limagwirizanitsa makalabu a magalimoto akale padziko lonse, linavomereza chikalata chotchedwa Charter of Turin mu 2012, ndipo chinayamba kugwira ntchito mu Januwale 2013. Mwa zina, chikalatachi chimaphunzitsa kuti zosintha zimene galimoto inalandira pa nthawi imene inkagwira ntchito yake ndi umboni wa mbiri yake, ndipo si zofunika kuzifafaniza chabe chifukwa chofuna maonekedwe a tsiku loyamba. Mu 2024, pa chionetsero cha Pebble Beach ku California, mphoto yaikulu kwa nthawi yoyamba inapita kwa galimoto yosakonzedwanso, Bugatti Type 59 ya 1934, ndi zipsera zake zonse. Ife kuno tikuthamangira fashoni imene eni ake ayamba kuivula. Kusiyana kwake nkwakuti chipsera chosiyidwa ndi mfumu kapena dalaivala wotchuka wa ku Ulaya amachitcha mbiri, pamene chipsera chosiyidwa ndi makaniko wa m'komboni amachitcha kuononga.

Nkhaniyi imandikhudza kupyola pa zitsulo, ndipo owerenga a ku Eiffel Flats, ku Chakari kapena ku Rimuka adziwa chifukwa chake. Wogula Alfa yakale amalembera ku Arese, kumene kuli nyumba yosungira mbiri ya kampaniyi, kupempha chikalata chotsimikizira kuti nambala ya galimoto yake inabadwa liti ndipo inali ya mtundu wanji. Ifenso tafunsidwa zikalata za chiyambi kwa zaka zambiri. Ana obadwira pamgodi, amene sanaonepo nyanja ya Malawi, ananyamula zitupa zolembedwa kuti ndi alendo. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ambiri anapezeka opanda dziko, mpaka malamulo aakulu a 2013 anazindikira obadwira m'Zimbabwe kwa makolo ochokera m'mayiko a SADC. Tikudziwa bwino lomwe zimene zimachitika munthu akamayesedwa ndi kumene zipangizo zake zinachokera, osati ndi kumene wakhetsa thukuta. Choncho ndikaona munthu wakuda akuchotsa dzina la mudzi wa ku Ntcheu pa dashibodi kuti galimoto ioneke ya Chitaliyana chenicheni, sindingazitenge ngati nkhani ya penti chabe.

Pali chifukwa china chimene chimakankhira okonza kuchita zimenezi, ndipo nchomveka: msika. Kuno kulibe mchere wa m'nyanja kapena umene amathira m'misewu ya ku Ulaya nthawi ya chisanu, choncho matupi a magalimoto amakhalitsa. Chiwongolero chili kumanja, monga ku Britain ndi ku South Africa. Galimoto yooneka ngati ya m'kabuku ka otsatsa malonda imagulika msanga ku Johannesburg kapena ku London kusiyana ndi yokhala ndi nyali ya Peugeot. Munthu amene waika ndalama zake kwa zaka zitatu ali ndi ufulu woganiza za phindu. Koma akatero avomereze kuti akukonzekera kugulitsa katundu. Asatiuze kuti akusunga cholowa, chifukwa cholowacho nchimene chili m'katoni.

Kukonza kwabwino kwa galimoto ngati iyi sikovuta kukufotokoza. Mabuleki, mawaya, chiwongolero ndi dzimbiri zikonzedwe popanda kunyengerera. Injini ibwezeredwe mphamvu zake, chifukwa Alfa yosathamanga ndi ng'oma yong'ambika. Koma chilichonse chimene chinaikidwa mwaluso ndipo chikugwirabe ntchito chisiyidwe pamalo pake, chitsukidwe, chilembedwe. Wokonza apite kwa madala amene anaigwirapo akadali ndi moyo, awafunse chaka ndi chifukwa cha chigamba chilichonse, ndipo kabuku kameneko kaziyenda ndi galimoto monga mmene chikalata cha ku Arese chimayendera nayo. Chimene chachotsedwa pa chifukwa chomveka chijambulidwe chisanachotsedwe.

Chiweruzo changa pa Giulia ya ku Kadoma nchakuti ndi ntchito ya manja aluso ndi diso lobwereka. Injini ndiipatsa ulemu wonse. Thupi ndi m'kati mwake ndikuti zalephera, chifukwa zikunena bodza laulemu za galimoto imene choonadi chake chinali chokoma kuposa bodzalo. Mwayi ulipobe, popeza bamboyo sanataye katoni ija. Mabowo awiri a kambale kamkuwa anawatseka ndi phala, koma malo ake akudziwika, ndipo kubowolanso ndi ntchito ya mphindi zisanu.